Kubwereka ndi Kuwerenga Mabuku pa Foni ndi pa Tabuleti: Zofunika Kudziwa ku Katete, Sinda ndi Vubwi

M'mipingo yathu ya m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi nkhani ya kusowa kwa mabuku imamveka kawirikawiri. Mlaliki afuna buku lomuthandiza kumasulira ndime ya pa Sondo, mphunzitsi wa Sande sukulu afuna nkhani zowerengera ana, ndipo wophunzira wa sekondale afuna coonjezera pa zimene wamva m'kalasi. Bungwe la boma loyang'anira malaibulale, la Zambia Library Service, linayamba mu 1962 ndipo lili ndi laibulale ya cigawo ku Chipata. Koma kucokera ku Katete kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 90, ndipo wocokera ku Sinda ayenda mtunda woposa pamenepo. Ndi ocepa amene angalipire basi kukatenga buku limodzi, n'kulipiranso tsiku lokabweza.

Foni yacepetsa mtunda umenewu, koma yabweretsanso cisokonezo. Ena amataya bundle pa ma app amene sawapatsa buku ngakhale limodzi, ena amawerenga mabuku akuba osadziwa. Mabuku amafika pa foni m'njira zitatu: pali obwereka amene amabwezedwa, pali aulere amene eni ake analola kuti aliyense asunge, ndipo pali otengedwa popanda cilolezo. Amene adziwa kusiyanitsa njira zitatuzi amasunga ndalama zake ndi cikumbumtima cake. M'nkhani ino tafotokoza njira iliyonse, ndi mmene tingawerengere kuno kwathu kumene netiweki ndi malaiti sizikhala zodalirika nthawi zonse.

Buku la pa foni ndi ciani?

Buku la pa foni, limene pa Cingelezi amati e-book, ndi faelo yokhala ndi mau onse a buku, nthawi zina ndi zithunzi zomwe. Mitundu imene mudzakumana nayo kwambiri ndi itatu.

Woyamba ndi EPUB. Mau ake amadzikonza okha molingana ndi kukula kwa foni. Mukakulitsa zilembo, mizere imasintha ndipo simufunika kukankhira tsamba uku ndi uku. Uwu ndiwo mtundu wabwino pa foni yaing'ono. Buku la mau okhaokha nthawi zambiri silipitirira 1 MB kapena 2 MB.

Waciwiri ndi PDF. Tsamba lake limakhala monga linasindikizidwira pa pepala ndipo silisintha. Pa tabuleti limawerengeka bwino, koma pa foni zilembo zimacepa kwambiri. PDF yopangidwa pojambula masamba a buku lakale ikhoza kufika 30 MB kapena kuposa.

Wacitatu ndi buku lomvetsera, limene munthu anawerenga mokweza n'kujambula mau. Limathandiza amene maso avuta, koma buku lathunthu limadya ma MB mazana angapo.

Kuti mutsegule EPUB pafunika app yowerengera mabuku. Pa mafoni a Android, monga a itel, Tecno ndi Samsung, ambiri amagwiritsa nchito ReadEra kapena Google Play Books. Foni ya mabatani siyenera nchito imeneyi.

Kubwereka kumayenda bwanji?

Ambiri amadabwa kumva kuti faelo ingabwerekedwe ndi kubwezedwa. Laibulale ikagula buku la pa foni, imagula cilolezo cobwereketsa, ndipo kawirikawiri cilolezo cimodzi cimalola munthu mmodzi pa nthawi imodzi, monga zimakhalira ndi buku la pepala. Ngati wina walitenga, dzina lanu limalowa pa mzere ndipo app imakudziwitsani nthawi yanu ikafika.

Faelo yobwereka imakhala yokhomedwa ndi loko wa pa kompyuta wochedwa DRM. Lokoyu amawerenga masiku. Nthawi ikakwana, kaya ndi masiku 7, 14 kapena 21, buku limadzitseka lokha ndi kubwerera ku laibulale. Palibe cindapusa ca kucedwa, ndipo buku silingang'ambike kapena kudyedwa ndi ciswe. Koma simungalitumize kwa mnzanu pa WhatsApp, cifukwa pa foni yake silidzatseguka. Foni ikatayika, buku silitayika: mumalowa mu akaunti yanu pa foni ina n'kulipezanso.

Kumene mungabwereke

Libby ndi app yochuka kwambiri yobwerekera mabuku. Ndi ya kampani ya OverDrive ya ku Ohio m'dziko la America, ndipo inatuluka mu 2017. App yeniyeniyo ndi yaulere, koma imagwira nchito pokhapokha muli ndi khadi la laibulale imene inalipira ku kampaniyo. Popanda khadi lotero, Libby ili ngati nkhokwe yopanda cimanga. Malaibulale ambiri a ku America, ku Britain ndi ku Australia ali nayo, komanso a m'cigawo ca Western Cape ku South Africa. Conco musanawononge bundle, yambani mwafunsa ku laibulale imene munalembetsa ngati khadi lao limatsegula Libby. Makhadi amenewa amaperekedwa kwa anthu okhala m'dera la laibulaleyo. Kugwiritsa nchito khadi la m'bale amene ali ku Cape Town inu muli ku Vubwi ndi kuphwanya pangano limene iye anasaina.

Open Library ndiyo imene aliyense wa kuno angalowemo. Ili pansi pa bungwe la Internet Archive la ku San Francisco, ndipo kulembetsa kumafuna imelo cabe, popanda kulipira. Mabuku ambiri amabwerekedwa kwa ola limodzi, ndipo ola likatha mungabwerekenso ngati palibe wina amene akudikira. Ena amaperekedwa kwa masiku 14. Buku la ola limodzi limawerengedwa intaneti ili yoyatsa, ndipo popeza masamba ake ndi zithunzi, bundle imayenda msanga. Njira imeneyi ndi yabwino pofuna mutu umodzi kapena kutsimikiza mfundo pokonza ulaliki, koma powerenga buku lonse imadula. Mabuku ake ambiri ali m'Cingelezi.

Mukasowa buku limene kale munalionako pa Open Library, cifukwa cake ndi mlandu. Mu 2020 makampani anai osindikiza mabuku, a Hachette, HarperCollins, Wiley ndi Penguin Random House, anasumira Internet Archive kuti imabwereketsa mabuku ao popanda cilolezo. Khoti la ku New York linagamula mokomera makampaniwo mu 2023, ndipo khoti la apilo linatsimikiza cigamuloco mu 2024. Mabuku oposa 500,000 anacotsedwa pa mndandanda wa obwereketsa.

Ophunzira a m'makoleji ndi m'mayunivesite ali ndi khomo lina. Masukulu ambiri a maphunziro apamwamba muno m'Zambia amagulira pamodzi mabuku ndi magazini a pa intaneti kudzera m'mgwirizano wa ZALICO. Amene aphunzira ali kunyumba, kaya ndi pa University of Zambia kapena pa Justo Mwale University, afunse woyang'anira laibulale ya sukulu yao mmene angalowere ali kutali. Anamwino ndi ena ogwira nchito za umoyo, monga a pa St Francis ku Katete ndi a pa Nyanje ku Sinda, afunse akuluakulu ao za Hinari, pulogalamu imene World Health Organization inayambitsa mu 2002 yopereka mabuku a zaumoyo ku zipatala ndi masukulu olembetsa.

Mabuku aulere osafunika kubweza

Kwa ambiri a ife, cuma ceniceni cili pano. Mabuku awa mukawatsitsa pa foni kamodzi amakhala anu, ndipo mumawerenga intaneti ili yozima.

Baibulo lili pa app ya YouVersion, imene inayamba mu 2008. Mulimo Buku Lopatulika, limene makolo athu akhala akuwerenga kuyambira 1922, mulinso Buku Loyera ndi Mawu a Mulungu mu Chichewa Chalero. Mukasankha Baibulo lanu, dinani pa cizindikiro cotsitsira kuti likhale mu foni. Mukapanda kutero, lidzakana kutseguka pamene netiweki yathawa muli pakati pa mapemphero. App ya Bible.is ili ndi Baibulo lomvetsera m'cinenero cathu. Ma app awa amalola kuwerenga ndi kutumiza ndime, koma mau ake akali ndi eni ake, amene ndi mabungwe omasulira Baibulo.

Nkhani za ana zili pa African Storybook, nchito ya bungwe la Saide la ku Johannesburg imene inatsegulidwa mu 2014. Muli nkhani zokhala ndi zithunzi m'zinenero zambiri za mu Africa, zosanjidwa kuyambira za ciganizo cimodzi pa tsamba kufika za ndime zitalizitali. App yake imachedwa African Storybook Reader. Ina yofanana nayo ndi Bloom Reader ya bungwe la SIL. Pofufuza, yesani maina onse awiri, Nyanja ndi Chichewa, cifukwa mabuku ena anaikidwa pansi pa dzina ili, ena pansi pa linalo. Mudzaona kuti a ku Malawi amalemba "ch" pamene ife timalemba "c". Ana amazolowera msanga ngati wamkulu wawafotokozera kamodzi. Mabuku amenewa ali ndi cilolezo ca Creative Commons, kutanthauza kuti mungawagawire ena ndi kuwasindikiza pa pepala, bola musacotse dzina la wolemba ndi la wojambula, ndipo mutsate zimene cilolezo ca bukulo cikunena.

Mabuku akale a Cingelezi ali pa Project Gutenberg, imene Michael Hart anayambitsa mu 1971. Lero ili ndi mabuku oposa 70,000, ndipo safuna kulembetsa. Mungapezemo The Pilgrim's Progress, buku la John Bunyan la mu 1678. Posankha faelo, tengani EPUB yopanda zithunzi kuti bundle isathe.

Abusa, alaliki ndi akulu a mpingo adzathandizidwa ndi Christian Classics Ethereal Library ya ku Calvin University ku Grand Rapids, kumene kuli zolemba za Augustine, za John Calvin, ndi ndemanga za Matthew Henry pa Baibulo lonse. Zolemba zatsopano za maphunziro a zaumulungu zimapezeka pa Open Access Digital Theological Library, imene ndi yotseguka kwa aliyense. Tikumbutsane kuti ndemanga zakale zinalembedwera anthu a maiko ena ndi a nthawi ina. Zimathandiza kumvetsa ndime, koma nchito yoifikitsa kwa mlimi wa ku Kagoro kapena mai wogulitsa pa msika wa Sinda ikali ya mlaliki.

Mabuku oyenda pa WhatsApp

M'magulu a WhatsApp ndi Telegram mumayenda ma PDF ambiri: mabuku a sukulu, mabuku a nyimbo, ndi mabuku a alaliki ochuka. Ambiri a iwo wina anangojambula ndi kufalitsa mwini wake osadziwa. Lamulo la dziko lino la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 limateteza buku pa moyo wonse wa wolemba ndi zaka 50 pambuyo pa imfa yake. Conco buku la wolemba amene ali moyo, kapena amene anamwalira posacedwa, silingagawidwe popanda cilolezo cake kapena ca wosindikiza.

Tidziwa kuti mabuku ndi odula ndipo njala ya kuwerenga ndi yeniyeni. Koma amene amavulala kwambiri ndi olemba athu omwe. Mabuku a Cinyanja amasindikizidwa ocepa, ndipo ngati buku limodzi logulidwa lafika pa mafoni mazana, wosindikiza sabwezanso ndalama zake ndipo buku laciwiri silituluka. Lamulo lacisanu ndi citatu silinapatule katundu wa pa foni. Pa 2 Mafumu 6 timawerenga za mwana wa mneneri amene nkhwangwa yake inagwera mu Yordano, ndipo cimene cinamuliritsa kwambiri cinali cakuti inali yobwereka. Ulemu womwewo pa cinthu ca mwini ndi umene tifuna pa mabuku.

Musanatumize buku kwa ena, tsegulani masamba oyamba kapena omaliza. Mukaona mau a Creative Commons, kapena zilembo monga CC BY, kapena mau onena kuti ndi lololedwa kugawa, tumizani mosaopa. Mukaona cizindikiro ca © ndi mau oletsa kukopera, musatumize. Ngati bukulo likufunikadi pa mpingo, sonkhani ndi kugula limodzi loti anthu azibwerekana.

Palinso ngozi ya akuba. Malo ena a pa intaneti amalonjeza mabuku aulere koma amafuna nambala ya foni, kenaka amayamba kudula ndalama tsiku ndi tsiku. Ena amatumiza faelo yothera ndi zilembo za apk n'kunena kuti ndi buku. Limenelo si buku, ndi app imene ingabe zinsinsi zanu. Laibulale yeniyeni sifunsa PIN ya Airtel Money kapena ya MTN MoMo. Ma app onse tawachula pamwambapa atengeni pa Play Store pokha.

Bundle, malaiti ndi netiweki

Kuwerenga mau sikudya bundle kwambiri. Mphindi zocepa za vidiyo pa Facebook zimatha ma MB okwanira mabuku angapo a EPUB. Cimene cimadya ndi kutsitsa app koyamba, mabuku a zithunzi zambiri, ndi omvetsera. Nazi njira zimene zimathandiza:

Tsitsani mabuku pamene muli pa boma kapena m'mbali mwa mseu wa Great East, pamene netiweki ya MTN, Airtel kapena Zamtel ili yamphamvu. Lembani mndandanda wa mabuku musananyamuke kunyumba. Ngati kampani yanu ili ndi bundle ya usiku yotsika mtengo, sungirani mabuku akuluakulu nthawi imeneyo.

Mukamaliza kutsitsa, zimitsani data ndi kutsegula buku lililonse kuti muone ngati lalowadi. Ndi bwino kudziwira pomwepo kusiyana ndi kukadziwira kumudzi.

Okhala pafupi ndi malire acenjere. Ku Vubwi, kumene boma limakhudza Malawi ndi Mozambique, komanso ca ku Chanida, foni ikhoza kugwira netiweki ya dziko lina mwini wake osadziwa, ndipo mtengo wa data umakwera. Zimitsani data roaming mu foni yanu.

Batire imakhalitsa mukacepetsa kuwala kwa sikirini ndi kuika foni pa flight mode powerenga. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona mmene malaiti amasowera kwa maola ambiri. Kasola kakang'ono kapena power bank zimakwanira kuchaja foni yowerengera.

Ngati foni ili ndi malo ocepa, ikani memory card ndi kusungira mabuku aulere mmenemo. Mabuku ololedwa kugawa angasamutsidwe kucoka pa foni ina kupita pa ina ndi Bluetooth, Xender kapena Quick Share popanda bundle. Motero munthu mmodzi akatsitsa, mudzi wonse ungawerenge.

Ana, okalamba ndi osaona

Mwana amaphunzira kuwerenga msanga m'cinenero cimene amalankhula kunyumba, ndipo amafuna wamkulu pambali pake. Kumupatsa foni n'kucokapo sikuthandiza, cifukwa posacedwa adzakhala ali pa masewera. Khalani naye, zimitsani data, werengani tsamba limodzi inu, lina iye, ndipo mufunseni zimene waona pa cithunzi. Mphindi 15 madzulo alionse zimaposa maola awiri kamodzi pa mwezi. Ngati ana ndi ambiri, tabuleti ndiyo yabwino cifukwa onse amaona zithunzi.

Agogo athu ambiri anasiya kuwerenga Baibulo cifukwa zilembo zinawacepera. Pa app ya Baibulo ndi pa EPUB zilembo zimakula mpaka pamene maso afuna. Mdzukulu akawakonzera kamodzi, foni imakumbukira.

Nchito yophunzitsa osaona m'dziko lino inayambira m'cigawo cathu comwe cino, pa mishoni ya Magwero pafupi ndi Chipata, mu 1905. Lero mafoni a Android ali ndi TalkBack, imene imawerenga mokweza zolembedwa pa sikirini. Imacita bwino pa Cingelezi, koma mau a Cinyanja imawapotoza. Pa cinenero cathu, Baibulo lomvetsera lowerengedwa ndi anthu ndilo lomveka bwino.

Zimene mpingo ungacite

Mutu umodzi susenza denga. Si banja lililonse lili ndi foni yowerengera, koma pafupifupi mpingo uliwonse uli ndi acinyamata odziwa mafoni. Tipempha mabungwe a akulu a mpingo kuganizira zinthu izi.

Sankhani wacinyamata mmodzi kapena awiri okhulupirika kuti akhale osunga mabuku a pa foni. Nchito yao ikhale kutsitsa mabuku ololedwa, kuwasanja pa memory card m'magulu a ana, a acinyamata, a amai ndi a alaliki, ndi kuwasamutsira pa mafoni a ena mapemphero akatha.

Mbusa kapena mkulu aone mabuku a ciphunzitso asanagawidwe. Pa intaneti pali zabwino ndi zosokeretsa, ndipo zonse zimabwera ndi cikuto cokongola.

Ngati mpingo wagula tabuleti kapena walandira ya mphatso, pakhale kabuku kolembamo wotenga, tsiku lotenga ndi tsiku lobweza. Buku la pa foni limadzibweza lokha, koma tabuleti imafuna munthu woibweza. Akaunti ndi pasiwedi zikhale za mpingo, zodziwika kwa anthu awiri, kuti wina akasamuka mabuku asapite naye.

Amai a Cigwirizano ndi aphunzitsi a Sande sukulu angapatule theka la ola pa sabata lowerengera ana nkhani. African Storybook imalolanso kumasulira nkhani ndi kulemba zatsopano. Aphunzitsi athu opuma pa nchito, odziwa bwino Cicewa ndi Cinsenga, angasiyire adzukulu mabuku a m'cinenero cao.

Mabuku a pepala amene muli nao musawataye. Safuna batire, ndipo mwana angagone nao. Mishoni zoyamba za kuno, kuyambira Magwero mu 1899, zinamanga sukulu pambali pa chalichi kuti munthu aliyense adziwerengere yekha Mau a Mulungu. Paulo ali m'ndende anapempha Timoteo kuti amubweretsere mabuku ake, monga timaonera pa 2 Timoteo 4:13. Pa msonkhano wotsatira wa akulu a mpingo wanu, ikani nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana, ndipo musatseke msonkhano musanasankhe amene adzatsitsa mabuku khumi oyamba.